Mazipi a ku Yiwu

Ku Yiwu amatsegula masitolo ine ndili pakati pa tulo.
Foni imanjenjemera pansi pa pilo 2 koloko usiku,
ndimanyang'ama kuti ndisadzutse anzanga anayi
amene ndimagona nawo chipinda chimodzi ku Mayfair,
n'kukakhala pa masitepe, bulangete kumutu,
mpweya wa Juni ukufuka m'kamwa ngati ndasuta.

Ndi Dziwenji, mwana wa amalume.
Anapita kukaphunzira zomanga milatho,
milatho inamukana, anatsala ndi chilankhulo.
Akuti, achimwene taonani,
n'kuyendetsa foni m'sitolo yaitali ngati msewu wa Bree,
mazipi okhaokha, ali lendelende ngati fodya m'chigafa.

Zaka zisanu ndi zinayi ndapalasa makina a eni ake
kuseri kwa shopu ya nsalu ku Fordsburg,
zipi imodzi ndikugula marandi asanu ndi awiri,
yomweyo kumeneko akuti ndi masenti.
Ndinawerengera pa chivindikiro cha bokosi la nsapato.
Masamu anandimwetulira.
Usiku masamu amamwetulira aliyense.

Ndalama za chipereganyu zinandipeza mu Malichi.
Amake Ndaziona ku Ntcheu ankadikira malata.
Ndinawauza kuti dzinja likadali kutali.
Anangoti chabwino,
chabwino wawo wouma uja,
ndinamumva mpaka m'mano.

Ndinatumiza.
Randi inasanduka dola, dola inasanduka yuwani,
pakhomo lililonse wina ankatapako pang'ono
ngati thumba la mtedza lodzera kwa achibale.

Kenako kudikira.
Masabata asanu ndi awiri katundu ali pa madzi
amene maso anga sanawaonepo.
Ndinaphunzira mawu achilendo, kontena, invoisi,
ndinaphunziranso kuti sitima ikhoza kuima kunja kwa Durban
masiku khumi, ikungoyang'ana kumtunda,
monga ndimaimira ine pa mzere wa mapepala.

Ku City Deep kalaliki wa magalasi
anatembenuza pepala langa kawiri,
akuti nambala iyi ndi ya mabatani, si ya mazipi.
Nambala imodzi yokha
inadya marandi mazana asanu ndi atatu.

Makatoni atatu, pa kagalimoto ka Sibanda.
Ndinang'amba ndi lezala, mtima uli phaphapha.
Analimo, mipukutu mipukutu,
akuda, ofiira, obiriwira, mano ali ngwee.
Koma timitu tokokera tija, ayi ndithu.
Tinatsala ku Yiwu pa shelefu,
m'thumba limene palibe analifunsa.
Dziwenji akuti, simunanene.
Ine ndikuti, wogula nkhuku amachita kunena kuti ikhale ndi mutu?
Tonse tinakhala duu, mayunitsi akutha.

Timituto tinabwera pa ndege patatha masabata awiri,
ulendo wake wodula kuposa ito tomwe.
Tsopano usiku ndimadula, ndimalowetsa,
pa foloko yopinda imene ndinakhomera pa thabwa.
Magetsi akazima anzanga aja amandizungulira ndi kandulo
poti palibe choonera.
Che Saidi ndiye wa liwiro,
zala za mlonda zinazolowera kusagona.

Loweruka ndinazungulira Jeppe ndi chikwama kumsana,
chipinda ndi chipinda momwe atelala amaweramira nsalu.
Mayi wina wa ku Ghana anakoka zipi yanga kasanu,
kukweza, kutsitsa,
anaiika pa khutu ngati akusaka siteshoni pa wailesi.
Anatenga makumi awiri.
Enawo akuti ubwere mawa,
ndipo mawa la mu Joni ndimalidziwa kutalika kwake.

Phindu la mwezi uno lakwana malata atatu.
Denga likufuna makumi awiri ndi anayi.
Sindinawaimbirebe amake Ndaziona.
M'kabuku ndalemba timitu, timitu, timitu,
kuti dzanja lisadzaiwalenso,
pansi pake ndalemba ulusi,
ndafufuta, ndalembanso.

Foni ili pa chaja.
Chala chachikulu chatupa, chikugunda chokha.
Ku Yiwu atsala pang'ono kutsegula.